Tsiku lomwe Madam anazimitsa projector ku Mponela

Zinachitika mu June 2022 koma mpaka lero ndikangomva kafungo ka ma marker aja timalembera pa fulipi chati, mtima umabwerera ku Mponela, mu holo ya lodge ina m'mbali mwa M1, ine ndaima kutsogolo kandodo kolozera kali m'manja, anthu pafupifupi 30 andiyang'ana, ndiye abwana anga akudzuka pampando mwakachetechete n'kukazimitsa projector ine ndili pakamwa yasa. Ndinawakwiyira masabata awiri athunthu. Anzanga amakonda kundifunsa kuti ntchito ya u consultant ndi yotani, si mumangopanga ma slide n'kulandira mamiliyoni eti, ndiye ndati bola ndingofotokoza za tsiku limenelo.

## Kakampani ka anthu asanu

Kampani yathu ndi yaing'ono zedi, tilipo asanu. Pali Madam, eni ake, pali ine, pali mtsikana wa admin, akauntanti yemwe amabwera Lachiwiri ndi Lachisanu basi, ndi dalaivala. Ofesi ndi nyumba yogona ku Area 47 yomwe anangoisintha, pabalaza ndiye boardroom, ndipo mafayilo akale ali mu wodilopu momwe munkakhala zovala. Ntchito yathu ndi yolowa m'mabungwe, makamaka ma NGO ndi makopaletivi, n'kuona chomwe chikuwavuta, kuwalembera strategic plan, HR manual, organogram (chithunzi choonetsa maudindo a m'bungwe), kuphunzitsa bodi ntchito yake, zoterozo.

Koma kunena mosabisa, palibe amatilemba ntchito chifukwa cha ine kapena chifukwa cha logo yathu. Amalemba Madam. Ukatsegula ToR iliyonse, chikalata chofotokoza ntchito yomwe akufuna, upeza alemba kuti team leader akhale ndi zaka 10 kapena 15 pa ntchitoyi, ndipo ma marks ambiri amapita pa CV ya munthu mmodziyo. Enafe timangolowera pa msana pawo.

CV yawoyo ndi masamba 9 koma zenizeni sizinalembedwemo. Anayamba ngati personnel officer m'boma nthawi ya Kamuzu, nthawi yomwe kalata yopita kwa bwana inkabwezedwa chifukwa cha koma mmodzi. Kenako analowa kukampani ina ya boma, ndipo privatisation itafika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, iwo ndi amene anapatsidwa ntchito yopereka makalata ochotsa anthu ntchito, mmodzimmodzi, azibambo amene ankawapatsa moni m'mawa uliwonse. Atachoka kumeneko anagwira ku NGO ina yakunja zaka zambiri. Cashgate itaphulika mu 2013, ma donor n'kusiya kuthira ndalama mu bajeti ya boma, ndalama zambiri zinayamba kudzera m'mabungwe, ndipo timabungwe tating'ono tinapezeka tikugwira ndalama zomwe sitinazionepo chiyambire, popanda ndondomeko iliyonse. Madam anaona mpata pamenepo n'kutsegula kampani.

Ine ndinabwera ndi digiri yanga yatsopano, mutu wodzaza SWOT ndi ma framework, ndipo mumtima ndinkati gogoyu ndimuthandiza kusintha zinthu, chifukwa mpaka lero amalemba manotsi mu hardcover ndi Bic yabuluu.

## Ntchito yomwe tinapatsidwa

Linali bungwe la kuno konkuno, dzina sinditchula, antchito 30 ndi kena. Director wake ndi amene analiyambitsa, pabalaza pa nyumba yawo, ndi njinga yamoto imodzi yobwereka. Munthu wolimbikira zoona, sindikufuna muganize kuti anali wakuba, ayi. Donor wawo wamkulu anati asanawapatse gawo lina la ndalama, pabwere anthu akunja aunike mmene bungwe likuyendera. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inali itasintha lamulo la ma NGO, lija linasandutsa NGO Board kukhala NGORA, ndiye aliyense anali pakalikiliki kukonza mapepala.

Tinasayina kontirakiti mu April, ya makwacha, 40% poyamba, 60% lipoti likavomerezedwa. Kumapeto kwa May kwacha inagwetsedwa ndi 25%. Sungani zimenezi, zibweranso.

Ine ndinakonza mafunso anga masamba anayi, ndinakhala mu boardroom mwawo masiku atatu anthu akulowa mmodzimmodzi, ndipo aliyense ankandiyankha chimodzimodzi, zonse zili bwino, communication ndiye ikufunika kukonza pang'ono. Madam mu boardroom sanakhalitsemo. Tsiku loyamba ndinawapeza kukhitchini akuthandiza amayi ophika tiyi kutsuka makapu. Tsiku lachiwiri anakwera galimoto ya bungwe kupita ku field, ati akufuna kuona ntchito, koma anakhala kutsogolo ndi dalaivala njira yonse. Tsiku lachitatu anafika 6 koloko m'mawa n'kukhala pa benchi ndi alonda. Ine ndinkachita manyazi, ndinkati anthuwa atiyesa chiyani, atilipira ndalama zonsezi kuti tizitsuka makapu?

Madzulo a tsiku lomaliza Director anandiitana ndekha mu ofesi mwawo, anandipatsa Fanta, n'kundiyamikira kuti achinyamata ngati inu ndiye mukumvetsa zinthu. Kenako anati, mwaona eti kuti udindo wa programme manager ukungobwereza ntchito yanga, ndalama zikungowonongeka, mu structure yatsopano muone mmene mungachitire. Ine ndinagwedeza mutu. Pa pepala zinkamveka, bungwe laling'ono, ma level achepe, ndalama zipulumuke, ndipo ndinali nditawerengapo kuti ma structure osanjikizana kwambiri amachedwetsa ntchito. Usiku womwewo ndinajambula organogram yokongola, bokosi la programme manager mulibe. Ndinawatumizira Madam pa imelo, sanayankhe, ine n'kuganiza kuti avomera. Ndinadziwa pambuyo pake kuti sanaitsegule, imelo amawerenga Lolemba lokha.

## Slide nambala 14

Validation, msonkhano woonetsa eni bungwe zomwe tapeza kuti avomereze, inachitikira ku Mponela, mukudziwa kale chifukwa chake, msonkhano ukachitikira mu Lilongwe alawansi palibe ndiye anthu sabwera ndi mtima wonse. Kunkazizira, aliyense ali mu jekete. Pemphero, kudziwana, malamulo a msonkhano, mafoni pa silent, kenako ine.

Ma slide oyamba anayenda bwino. Nditafika pa 14, organogram ija inaonekera pakhoma, ndipo mu holo munangoti zii. Si bata la anthu omwe akuwerenga ayi, ndi bata lija la pamaliro anthu akamadikira kuti wina ayambe kulira. Palibe amene ankayang'ana khoma, onse maso anali pansi, ena akuba kuyang'ana mayi wina yemwe anakhala kumapeto pafupi ndi zenera, mwini udindo wa programme manager uja, ndipo mayiyo anangotseka notebook yake pang'onopang'ono n'kuika cholembera pamwamba. Ine osazindikira kanthu, ndikupitiriza kufotokoza za efficiency.

Mpamene Madam anadzuka. Sanathamange, anayenda ngati akupita kukatenga madzi, n'kudina batani. Khoma linada. Anatembenuka akumwetulira n'kunena kuti, "Pepani nonse, chithunzi ichi ndi draft yomwe sindinaione, ndi kulakwa kwanga. Tiyeni tikamwe tiyi, tibwerere 11 koloko." Nthawi n'kuti ili 9:40, tiyi anali asanapse n'komwe.

Ndinamva ngati andivula pagulu. Ndisanatsegule pakamwa anandiuza kuti, "Iwe, tenga mipando itatu, upite nayo pansi pa mtengo apo." Kenako anapita kwa Director, n'kuwagwira pamkono mwaulemu, "Achimwene, tiyeni tikaothere dzuwa pang'ono."

## Pansi pa mtengo

Ndinkayembekezera kuti ayamba ndi organogram. Ayi ndithu. Anayamba kuwafunsa za njinga yamoto ija, kuti inathera kuti. Director anaseka, anafotokoza mmene ankagwera nayo m'matope nthawi ya dzinja, mmene akazi awo anagulitsira mashini osokera kuti alipire lendi ya ofesi yoyamba. Madam ankangomvetsera, mphindi 15 zinatha, ine ndikuyang'ana wotchi.

Kenako anatsegula hardcover ija. Anati, "Achimwene, shuga wa tiyi akatha mu ofesi mwanu, amadikira siginecha yanu. Mwezi wa March munali kunja masiku 12, galimoto ziwiri zinaima chifukwa panalibe wosayinira mafuta, ndipo alimi anadikira mbewu pansi pa mtengo ngati uno mpaka dzuwa kulowa. Pa zaka ziwiri mwasintha ma finance officer atatu. Bodi yanu inakumana komaliza chaka chatha, ndipo wapampando ndi mlamu wanu."

Zonsezi mu mafunso anga a masamba anayi munalibe ngakhale chimodzi. Za shuga anazimva kukhitchini, za mafuta kwa dalaivala, za ma finance officer kwa alonda, omwe amadziwa amene watuluka pageti akulira.

Director anayamba kufotokoza kuti anthu sadalirika, anawaberapo kale, ndipo mayi uja ndi wamwano, amawatsutsa pamaso pa antchito. Madam anawasiya amalize. Ndiye anati, "Mayi ameneyo ndi yekhayo mu ofesi monse amene amakuuzani zoona mukadali m'chipinda. Ena onse amanena mukatuluka. Mukamuchotsa, mudzatsala ndi anthu okuvomerani, ndipo tsiku lomwe zinthu zidzapsa mudzamva kwa donor."

Panadutsa kanthawi palibe woyankhula. Kenako ananena mawu omwe ndimawakumbukira kwambiri, ndipo anawanena motsitsa, ngati akuyankhula ndi mbale wawo weniweni. "Mwanayu munabala ndinu, palibe akukana. Koma wakula, wamera mano, inu mukumutafunirabe chakudya. Akapanda kuphunzira kutafuna yekha, tsiku lomwe mudzadwale adzafa ndi njala chakudya chili m'mbale."

Director nkhope inasintha. Anati, "Mayi, ine ndinakuitanani kuti mukonze structure, osati mudzandiweruze. Ndalama zanu zotsala zija zikudikira siginecha yanga yomweyo." Madam anavomera ndi mutu, "Ndikudziwa achimwene. Koma ine ndinaperekapo makalata ochotsa anthu ntchito, ndi dzanja ili, ndipo ena mwa anthuwo ndinakawaika m'manda pasanathe zaka ziwiri. Kuyambira pamenepo sindisayina pepala lochotsa munthu ngati chifukwa chake chenicheni sichingalembedwe papepalapo. Ngati mayiyu walakwa, Employment Act ilipo, muitaneni ku hearing, adziyankhire. Koma musadzere mu lipoti langa."

Chomwe ndinachiona pambuyo pake, osati tsiku limenelo, ndi chakuti zonsezi sanazinene mu holo. Mu holo anasenza okha kulakwa, anati ndi draft yomwe sindinaione, ananditchinjiriza ine, anawatchinjiriza Director, anamutchinjiriza mayi uja. Mawu owawa anakawanenera panja, pa mipando itatu, pomwe munthu wamkulu angakwiye popanda antchito ake kumuona. Amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, zoona, koma kalumoko sumetera munthu pamsika.

Tinabwerera 11 koloko, msonkhano unapitirira wopanda projector. Madam anagawa anthu m'magulu n'kuwafunsa funso limodzi lokha, kuti alembe zinthu zomwe zimaima Director akachoka. Mapepala anadzaza khoma lonse. Director anakhala kumbuyo manja atapinda, sanayankhule mpaka pemphero lotsekera.

## Ulendo wobwerera

Mu galimoto ndinaphulika, mwaulemu wake koma ndinaphulika. Ndinati Madam mwandichititsa manyazi, komanso 60% ija yapita, lendi ya ofesi tilipira chiyani, kwacha yagwa kale, mitengo ya chilichonse yakwera. Iwo anali akusenda nthochi yomwe anagula pamsewu. Anandifunsa kuti, "Pamene unaika chithunzi chija, unkayang'ana kuti?" Ndinati pa slide. Anati, "Eya." Basi, sanawonjezere kanthu mpaka tinadutsa Lumbadzi.

Titayandikira Kanengo mpamene anati, "Anakupatsa Fanta eti?" Dalaivala anaseka mpaka galimoto inagwedera. Sindinawauzepo za Fanta ija, kaya anamva kwa ndani, mwina kukhitchini komwe kuja.

Ndalama ija inabwera patatha miyezi isanu, atadulako kale withholding tax ya MRA, ndipo mphamvu yake inali itatheratu. Mwezi umodzi malipiro athu Madam anawatenga m'thumba mwawo, ndinazidziwa kudzera kwa akauntanti. Director sanatiyamikepo, sanatipatsenso ntchito ina, ndipo tikakumana m'misonkhano moni wake ndi wa patali. Sindikunamizani kuti zonse zinasintha. Tinangomva kuti finance anapatsidwa mphamvu yosayina ndalama zing'onozing'ono, mlamu uja anachoka pa mpando, ndipo mayi uja anakhalabe chaka china n'kudzachoka yekha atapeza ntchito yabwino kwina, ndi kalata yabwino m'manja. Kwa ena zimenezi ndi zochepa. Ine ndinaona nkhope yake pamene ankatseka notebook ija, ndiye sindiziona zochepa.

Chomwe chinasintha kwambiri ndi ine. Mafunso a masamba anayi ndimakonzabe chifukwa ma donor amafuna kuwaona mu annex, koma ndikafika pa bungwe ndimayamba kaye ndafunsa kuti tiyi amamwera kuti. Ndipo bwana aliyense akandiitana ndekha madzulo n'kuyamba kundiyamikira, ndimadziwa kuti pali munthu amene akufuna kumuchotsa ndi dzanja langa.

## Ndiye kunabwera nthawi yathu

Apa ndiye pamene nkhaniyi imandiseketsa komanso kundiwawa. Mu November 2023 kwacha inagwanso ndi 44%, tinapirira. Chaka chotsatira Madam anadwala, BP inakwera koopsa, anagonekedwa m'chipatala kenako adokotala anati apume kunyumba miyezi iwiri osagwira ntchito.

Sabata yoyamba yomweyo kampani inaima. Cheke chilichonse chimafuna siginecha yawo. Password ya Msonkho Online, komwe timachitira za misonkho ku MRA, inali mu hardcover, hardcover ili m'chikwama chawo kuchipatala. Tax clearance inatha, satifiketi ya PPDA, bungwe loona za kagulidwe ka zinthu za boma, inkafunika kukonzanso, ndipo panatuluka ntchito ina yabwino yomwe tikanaipeza koma team leader ndani, CV yanga zaka zake sizikwana. Makasitomala akaimba ankati tikufuna tiyankhule ndi Mayi, ndikati ndilipo ine, ankati chabwino tidzaimbanso akachira. Dalaivala anakhala masiku anayi osayenda chifukwa panalibe wosayinira mafuta. Mafuta enieni, ngati ku bungwe kuja.

Ndinapita kukawaona kunyumba nditanyamula mafomu oti asayine, ndinawapeza pakhonde afunda chitenje m'miyendo, aonda. Ndinakhala nawo, tinacheza za mvula, za adzukulu, ndipo ndinazindikira kuti ndikuchita zomwe anachita iwo pansi pa mtengo, kuzungulira kaye. Mtima ukugunda ndinati, "Madam, mundikhululukire, koma mwanayu munabala ndinu, palibe akukana."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine ndikuganiza kuti ntchito yatha basi. Kenako anaseka mpaka kutsokomola, mwana wawo anatuluka m'nyumba kudzaona. Anati, "Mwana wopanda ulemu iwe. Malizitsa." Ndinamalizitsa, mano, kutafuna, zonse. Anasiya kuseka. Anati kwa zaka zonsezi akhala akuphunzitsa ma bodi za succession plan, dongosolo lokonzekeretsa wodzalowa m'malo mwa mtsogoleri, ali ndi ma slide ake omwe ndinawakonzera ine, koma sanaganizepo kuti zikukhudza kampani ya anthu asanu. Kenako ananena chinthu chomwe sindinkachiyembekezera, anati, "Ukudziwa, bambo aja ndinawauza zoona, koma sindinkadziwa kuti zimawawa chonchi."

Musaganize kuti anasintha tsiku limodzi. Anandiika kukhala wosayina wachiwiri kubanki, koma zinatenga miyezi itatu ndi maulendo anayi okumbutsa. Ma password anawapereka kwa akauntanti. M'ma proposal anayamba kundilemba ngati deputy team leader kuti zaka zanga ziziwerengeka, ndipo kwa makasitomala akale anayamba kunena kuti imbirani mwana wangayo, ine ndakalamba. Koma lipoti lililonse amafunabe kuliwerenga, pa pepala, ndi Bic yabuluu, ndipo amakonzabe ma koma.

Mu January 2025 boma la America litaimitsa thandizo la kunja, ntchito za USAID n'kuima mwadzidzidzi, mafoni omwe tinkalandira anasintha. Panalibenso wofuna strategic plan, aliyense ankafunsa mmene angachotsere anthu ntchito mwalamulo, notisi ndi masiku angati, severance, ndalama yopatsa munthu wochotsedwa ntchito, awerengera bwanji, za penshoni zitani. Ntchito yomwe Madam anaithawa zaka zoposa 20 zapitazo inawapezanso. Anandikhazika pansi n'kundiphunzitsa zomwe sizili mu lamulo, kuti kalata yotere supereka Lachisanu madzulo, supereka pa imelo, bwana wamkulu azikhalapo yekha osatuma wa HR, ndipo pa tebulo pazikhala madzi akumwa.

Ntchito yoyamba yomwe ndinapita ndekha inali ku Mzimba, kopaletivi ya alimi yomwe komiti yake inkakangana ndi manejala. Ndinanyamuka mdima, ndinafika anthu asanabwere, geti lili lotseka. Foni inalira, Madam. Ndinaganiza kuti akufuna kundikumbutsa za agenda. Anati, "Wafika? Alonda alipo?" Ndinati alipo, akuotha moto. Anati, "Ndiye ukuyankhula ndi ine chifukwa chiyani?" n'kudula.

Ndinaika laputopu mu galimoto, ndinapita pamoto paja, ndinapereka moni. Abambo aja anandisunthira pa benchi, n'kundifunsa ngati ndine wa ku Lilongwe uja akuti abwera kudzachotsa manejala.